Dzina la Amayi pa Thumba la Mpunga

MUTU 6

1. Matumba Abwerera

Inali cha m'ma 9 koloko m'mawa. Mwera unawomba usiku wonse, ndipo kunja kutacha sunaleke. Dzuwa linatuluka koma silinkatenthetsa munthu. Asodzi a ku Liwaladzi sanalowe m'madzi tsikulo. Ankangosoka maukonde kuseri kwa nyumba zawo, komwe mphepo sinkafika.

Shamsa anali pakhonde, atavala juzi ya bambo ake pamwamba pa diresi. Linali Loweruka, choncho mabuku ake a Fomu 3 anali m'chikwama. Loweruka lililonse la nyengo yokolola ntchito yake inali yodinda matumba a mpunga.

Chodindiracho chinali chidutswa cha lata. Malemu amayi ake, a Rukiya, ndi amene anachiboola ndi msomali ndi hamala, Shamsa asanayambe n'komwe sukulu. Pa latapo panali kakowa ataima ndi mwendo umodzi, ndipo m'munsi mwake munali mawu akuti MPUNGA WA MAYI RUKIYA. Ukagoneka latalo pathumba n'kupaka utoto wabuluu, mbalameyo ndi mawuwo zinkatsalira pathumbapo. Khosi la kakowayo linali lokhota pang'ono chifukwa msomali unaterereka tsiku loboolalo. A Rukiya sanalikonze. Ankangoseka n'kumati kakowa wawo anagonera khosi.

Ali mkati modinda, Shamsa anamva galimoto ikutsika kuchokera kumsewu wa tala. Inali pikapu yomwe bambo ake, a Amiri, anachita hayala m'mamawa kuti ikatule mpunga kumagolosale a ku Dwangwa. Matumba onse anali momwemo, atamangidwa ndi chingwe chomwe chija.

"Ababa, mwabwerako msanga. Nanga katunduyu?"

"Tathandiza kutsitsa, mwanangu. Tilankhula galimoto ikapita."

Anatsitsa matumbawo osalankhulana. Galimoto itachoka, a Amiri anakhala pampando wa ndalema, navula chisoti chawo n'kuchiika pabondo.

"Akana onse," anatero. "Ngakhale uja timaswali naye limodzi kumzikiti Lachisanu."

"Mpunga uli ndi vuto?"

"Mpunga alibe nawo mawu. Vuto ndi thumba. Dzulo kunadutsa anthu a kampani ya a Fidelis Kalilu atanyamula pepala la kwa loya. Akuti dzina la Mayi Rukiya ndi kakowa wathuyu ndi chizindikiro cha malonda awo, ndipo anachilembetsa kuboma. Aliyense wogulitsa mpunga wa dzina limeneli, wosachokera kwa iwo, amutengera kukhoti. Eni magolosale achita mantha. Ine sindikuwadzudzula."

Shamsa anayang'ana zala zake zabuluu.

"Koma dzinali ndi la amayi anga."

"Ndinawauza zomwezo."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati pepani."

2. Thumba Lobwereka

Ku Liwaladzi, nthawi yokolola, anthu amabwerekana matumba monga amapalirana moto. Mpunga wopuntha sugona panja, ndiye amene matumba amuthera amathamangira kwa mnzake. Palibe amalemba, palibe amafunsa tsiku lobweza. Womana thumba amatchuka mudzi wonse.

Chaka china mpunga unachita bwino kwambiri, matumba n'kusowa mpaka ku Dwangwa. Nthawi imeneyo a Fidelis anali mnansi wa a Amiri, ndipo chuma chawo chonse chinali njinga yakapalasa. Anabwera kudzabwereka matumba, ndipo a Rukiya anawapatsa odinda kale. Atatha amenewo, a Fidelis anati ogula a ku Lilongwe aukonda mpunga wa kakowa, sakufuna wina. A Rukiya anawabwereka lata lomwe. Patapita masabata angapo latalo linabwera lotsukatsuka, pamodzi ndi paketi ya shuga.

Zaka zinapita. A Fidelis anasamukira ku Dwangwa, nagula chigayo, kenako lole. Ankagula mpunga kwa alimi ambiri n'kumaulongedza m'matumba osindikiza ku fakitale, koma dzina ndi mbalame zinali zomwe zija. A Amiri ankawaona matumbawo, ndipo ankasangalala.

"Amake Shamsa, mwafika ku Lilongwe osakwera basi," ankatero.

A Rukiya atamwalira, Shamsa ali Sitandade 8, lole ya a Fidelis ndi imene inanyamula anthu ochokera ku boma kubwera kumaliro. Palibe amene ankadziwa kuti tsiku lina dzinalo lidzalembedwa m'buku la boma kuti mwini wake ndi kampani.

Zonsezi Shamsa ankazidziwa. Chomwe sankadziwa ndi chimene bambo ake anachita ku Dwangwa asanakwere galimoto yobwerera.

"Ndayankhula ndi loya wa ku Lilongwe pafoni," anatero a Amiri. "Akuti mlanduwu tikhoza kupambana. Koma sangayambe tisanamupatse kaye ndalama, ndipo ndi zambiri. Ngakhale titagulitsa mpunga wonsewu sizingakwane."

"Ndiye titani?"

"A Abdul akhala akundivutitsa za munda wa kudambo. Akufuna kudzalamo nzimbe. Ndawauza kuti abwere madzulo ano adzauone."

Munda wa kudambo ndi umene unkatulutsa mpunga wawo wonse. Sunali wa a Amiri. Iwo anabwera ku Liwaladzi kudzakwatira, ndipo mundawo unali wa kuchikazi. Tsiku la sadaka ya a Rukiya, mlongo wawo a Usman anaimirira pagulu n'kunena kuti mundawo tsopano ndi wa Shamsa, poti ndiye mwana wamkazi yekhayo.

"Ine ndine mkamwini pano," anapitiriza a Amiri. "Sindingagulitse popanda mawu ako ndi a amalume ako. Ndiye ndikukufunsa."

Shamsa sanachedwe kuyankha.

"Gulitsani, ababa. Asatitole."

"Pita ukawauze amalume ako. Akamva kwa iwe savuta."

3. Mawu a Anti Jenifa

Njira yopita kwa a Usman inkadutsa pa ofesi ya kopaletivi ya alimi a mpunga. Mlangizi wa pamenepo, Mayi Jenifa, anali mnzawo wa a Rukiya kuyambira pautsikana. Anali panja akupukuta sikelo pamene anamuona Shamsa akudutsa mofulumira.

"Iwe, ukundipitirira ngati ndili ndi ngongole yako? Tabwera kuno."

Shamsa anapatuka, napereka moni, nafotokoza zonse ali chiimire. Mayi Jenifa anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako analowa mu ofesi n'kutulukamo ndi thumba lopanda kanthu, lonyezimira, la kampani ya a Fidelis.

Shamsa anali asanaligwirepo pafupi. Dzina la amayi ake linalembedwa ndi zilembo zofiira. Kakowa anali ataima ndi mwendo umodzi, koma khosi lake linali litawongoka.

"Amuwongola khosi," anatero Shamsa motsitsa mawu.

"Ukuona kachizindikiro kali pakonapo? Kakutanthauza kuti analembetsa. Khala pansi ndikuuze mmene zimayendera, chifukwa kusukulu sakuphunzitsani zimenezi."

Shamsa anakhala pabenchi.

"Boma lili ndi ofesi yolembetsa mayina ndi zizindikiro za malonda," anayamba Mayi Jenifa. "Cholinga chake ndi chabwino. Ukavutikira dzina lako, wina asabwere kudzagulitsa zinyalala m'dzina lomwelo. Koma a ku ofesiko sabwera ku Liwaladzi kudzafunsa kuti anaboola lata ndani. Amaona amene wafika ndi mapepala. Akalandira pempho amalilengeza mu Gazeti ya boma, kuti wotsutsa atsutse nthawi yake isanathe. Iwe Gazeti unaionapo?"

"Ayi, Anti."

"Inenso ndinaiona kamodzi kokha, ku Blantyre, kumaphunziro. Ndiye nthawi yotsutsa inatha inu muli kudambo mukupirikitsa mbalame."

"Ndiye kuti amayi analakwa pobwereketsa lata?"

"Pamudzi pano sanalakwe. Akanakana, tonse tikanawanena. Koma chizindikiro si thumba, mwana iwe. Thumba ukabwereketsa limabwera. Chizindikiro chimatsalira m'mitu mwa ogula."

"Loya akuti tikhoza kupambana."

"Sananame. Amene anayamba kugwiritsa ntchito dzina akhoza kupempha khoti kuti lifufute kulembetsako. Koma adzafuna umboni. Muli ndi chiyani?"

"Mudzi wonse ukudziwa."

"Mudzi wonse udzakwera basi kupita ku Lilongwe? Adzaulipirira ndani? Ndipo loya wa a Fidelis adzaimirira n'kufunsa bambo ako kuti, zaka zonsezi mumaona matumbawa, munadandaulapo? Bambo ako sanama. Adzanena kuti ankasangalala."

Shamsa anaika thumba lija pabenchi.

"Sindikunena kuti mudzagonja," anatero Mayi Jenifa. "Sindikudziwa. Loya nayenso sakudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti milandu yotere imatenga zaka, ndipo wogonja nthawi zina amauzidwa kulipiranso loya wa mnzake. A Fidelis akhoza kudikira, chigayo chawo chikulira. Inu mudzadikira mukudya chiyani?"

"Ndiye lamuloli ndi la olemera okha?"

"Ndi la aliyense. Kungoti khomo lake lili kutali ndi kuno. Pita kwa amalume ako. Ukatha uwauze bambo ako kuti ndikufuna ndiwaone."

4. Makina a ku Limbe

A Usman anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu wa M5. Shamsa anawapeza akusoka mkanjo woyera, magalasi atatsikira kumphuno.

"Asalamu alaikumu, amalume."

"Wa alaikumu salamu. Manja abuluu, nkhope yakuda. Kwagwanji, mphwanga?"

Shamsa anafotokozanso nkhani yonse. A Usman sanasiye kupalasa makina mpaka atamva mawu akuti munda. Pamenepo anaimitsa gudumu ndi dzanja.

"Iwe wavomera?"

"Ndinavomera m'mawa."

"Nanga pano?"

"Sindikudziwa, amalume."

A Usman anavula magalasi, nawapukuta ndi kansalu.

"Mvetsera, ndikuuze zimene ndinaona ndi maso angawa. Ndili mnyamata ndinkasoka ku Limbe, pashopu ya amuna awiri, munthu ndi msuweni wake. Tinkasoka mayunifolomu a sukulu. Kolala iliyonse tinkaisokerera kansalu kolembedwa dzina la shopuyo, ndipo makolo ankayang'ana kaye kansaluko asanagule. Tinalipo atelala ambiri, makina ali ndandanda mpaka kukhomo.

"Anthu aja anayambana, nagawana makina. Koma dzina silidulika pakati ngati nsalu. Aliyense ankati ndi lake. Wina anathamangira kukalembetsa, winayo anathamangira kwa loya. Mwini shopu amene ndinatsala naye anatiuza kuti, anyamata, pofika Khirisimasi nkhaniyi ikhala itatha.

"Khirisimasi inafika, mlandu anauimitsa chifukwa woweruza anasamutsidwa. Chaka chinacho loya wa mbali ina anadwala. Kenako fayilo inasowa, n'kudzapezeka. Ulendo uliwonse bwana ankavala jekete, n'kupita kukhoti, n'kukakhala pabenchi m'mawa wonse kuti akangouzidwa tsiku lina. Ndipo tsiku lililonse lotere loya ankalipiritsa. Anayamba wagulitsa galimoto. Kenako makina, amodziamodzi. Ukabwera m'mawa unkapeza pamalo pa mnzako pali fumbi lokha ndi mabowo a misomali.

"Ukudziwa mapeto ake? Anapambana. Ndinamuona akubwera ndi pepala la kukhoti, akumwetulira. Dzina linali lake. Koma makina anali atatha, atelala tinali titabalalika, ndipo masukulu anali atapeza kale kwina kosoketsa. Msuweni wake uja nayenso anali atatsala ndi malaya okha. Pamaliro a agogo awo anakhala mbali zosiyana.

"Sindikunena kuti a Fidelis achita bwino. Achita zoipa. Mlongo wanga anawabwereka lata ndi manja awiri, ndipo akayankha kwa Mulungu. Sindikunenanso kuti munthu asamapite kukhoti. Pali nthawi yake. Koma usagulitse chimene chimakudyetsa pofuna kugula mlandu umene ngakhale loya sangalumbire kuti utha liti. Munda uja anauyamba amayi ako ndi manja awo. Nzimbe zikalowamo sizidzatulukamonso."

Minibasi inaima pamsewu, kondakitala akuitanira a ku Dwangwa, kenako inapita. Shamsa ankapotapota kansalu kamene anatola pansi.

"Koma ababa zawapweteka kwambiri. Sindinawaonepo chonchi."

"Ndikudziwa. Tandiuza, unayamba wawamvapo bambo ako akuwaitana amayi ako ndi dzina?"

Shamsa anaganiza.

"Ayi. Ankati amake Shamsa."

"Ndi ulemu wa kwathu kuno. Mwamuna wolongosoka satchula dzina la mkazi wake ngati akuitana mwana. Alamu anga anausunga mwambo umenewu mpaka tsiku lomaliza. Koma ukawatsatire ku Dwangwa tsiku lina. Akamatsitsa katundu amati, ndabwera ndi Mayi Rukiya. Wogula akafuna kutsitsa mtengo amati, Mayi Rukiya satsika. Golosale iliyonse amalitchula. Ndi malo okhawo amene pakamwa pawo pamaloledwa. Lero awatseka pakamwa pamenepo. Sakumenyera mpunga ayi."

Shamsa anaweramitsa mutu. A Usman anavalanso magalasi, nayang'ana msoko wa mkanjo uja nthawi yaitali kuposa mmene unkafunikira.

"Ine sindikuletsa," anatero. "Ndinanena pagulu kuti munda ndi wako, ndipo sindibweza mawu. Ukati ugulitsidwe, ndidzasayina. Ukati ayi, ndidzaima kumbuyo kwako. Koma ukawauze wekha. Usakanene kuti amalume akana."

5. Kudambo

Pobwerera sanapite kunyumba. Anakhotera njira ya kudambo, chifukwa ankadziwa kuti bambo ake akakhala kumeneko kudikira a Abdul.

Mpunga unali utamwetedwa kale. M'munda munatsala ziputu ndi milu ya mapesi, ndipo mphepo inkaulutsa mankhusu pamalo opunthira. A Amiri anali ataima pamgula, manja kumbuyo.

"Wawapeza amalume ako?"

"Ndawapeza, ababa."

"Akuti bwanji?"

"Akuti asayina ndikavomera ine." Shamsa anaima pambali pawo. "Koma mundawu sindigulitsa."

A Amiri sanatembenuke. Anapitiriza kuyang'ana kumapeto kwa munda.

"M'mawa unavomera."

"Ndinavomera ndisanafunse aliyense."

"Akuopseza ndi nkhani yawo ya ku Limbe. Inenso anandiuzapo."

"Andiuza, koma sanandiletse. Ndakana ndekha."

"Ndiye dzina la amayi ako lingopita choncho? Munthu alinyamule ngati thumba la gaga, ife tili chete?"

"Tikagulitsa munda, mwina libwera, mwina ayi. Anti Jenifa akuti ngakhale loya sakudziwa. Koma tinene kuti labwera, ababa. Tidzalidinda pathumba la chiyani? Muno mudzakhala muli nzimbe za a Abdul. Tidzakhala tikugula mpunga wa anthu ena n'kumanena kuti ndi wa amayi. Zomwe akuchita a Fidelis zomwezo."

A Amiri anakhala pansi pamgulapo pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa ndi ulendo. Anazula kaudzu n'kumakadula ndi zikhadabo.

"Kuchipatala ndinalephera kuwasunga," anatero ndi mawu apansipansi. "Ndimati mwina ichi chokha ndikwanitsa."

Shamsa anakhala pambali pawo.

"Ababa, ine amayi ndimawakumbukira akudwala, ndi akundikalipira za masamu. Za munda uno sindidziwa. Tandiuzani mmene anauyambira."

"Unamva kale."

"Kwa amalume. Ndikufuna kwa inu. Ndipo muziwatchula dzina. Ine si mwini golosale, koma ndikufuna ndilimve."

A Amiri anamuyang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana kumbali. Anatsokomola.

"Amalume ako amalankhula zambiri."

"Eya. Koma amasoka bwino."

A Amiri anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. Analoza ndi chibwano kumunsi kwa munda.

"Kuyambira pachulu chija mpaka kumtsinje munali bango lokhalokha. Aliyense ankati simungamere kanthu. Amake Sha..." Anaima. Kaudzu kaja anakaponya pansi. "Rukiya anatenga chikwanje changa chatsopano osandiuza. Anadula bango limenelo mwezi wathunthu, iwe uli kumbuyo. Chikwanje anachibweza chitabenthuka ngati mano a nkhalamba. Nditafunsa, anati chinabwera choncho kusitolo."

"Munawakhulupirira?"

"Ndinagula china. Rukiya sunkatsutsana naye ukafuna kudya madzulo."

Shamsa anaseka, misozi ikutsika. Sanaipukute, ndipo bambo ake anachita ngati sanaione. Anamuuzanso za chaka chimene madzi anakokolola nazale yonse, ndi mmene Rukiya anayendera wapansi mpaka ku Kanyenda kukapempha mbande kwa azakhali ake. Dzinalo linkatuluka movutikira poyamba, kenako linazolowera.

Atamaliza, a Amiri anatulutsa foni m'thumba la malaya. Anaiyang'ana kanthawi.

"Watsimikiza, mwanangu? Ndikawabweza a Abdul lero sabweranso."

"Ndatsimikiza, ababa."

Anaimba. Shamsa anawamva akupereka moni, akufunsa za ana ndi za kunyumba, kenako akuti, "A Abdul, musavutike ndi ulendo. Mwini munda wakana." Mbali inayo inalankhula nthawi yaitali. A Amiri anangoti, "Ndi mwana, inde. Koma munda ndi wake."

6. Uthenga wa ku Dwangwa

Mpunga sungadikire mlandu. Atafika kunyumba anagwirizana kuti akhuthule matumba onse, awatembenuze kunja kukhale mkati, n'kuthiramonso mpungawo. Ukagulitsidwa wopanda dzina, pamtengo wotsikirapo, mpaka atakhala pansi ndi Mayi Jenifa kuti awathandize kulembetsa dzina lina asanalidinde pathumba lililonse.

"Ndipo limenelo sitidzabwereketsa," anatero Shamsa.

"Matumba tidzabwereketsa," anayankha a Amiri. "Osadinda. Tisasanduke anthu oipa chifukwa cha a Fidelis."

Anayala lona pabwalo. A Amiri ankamasula ndi kukhuthula, Shamsa ankatembenuza ndi kusoka. Ali pakati pa ntchitoyo, njinga yamoto inaima pampanda. Anatsika Maliko, dalaivala wa lole ya a Fidelis, yemwe kwawo kunali ku Liwaladzi komweko. Anavula chipewa asanalowe, ndipo ankaoneka womangika.

"Odi kuno. Pepani, ine ndangotumidwa."

"Lowa, Maliko," anatero a Amiri. "Wotumidwa sitilimbana naye. Wabwera ndi pepala linanso?"

"Ayi, bambo. Ndi mawu chabe. Bwana amva kwa a Abdul kuti munda wa kudambo unatsala pang'ono kugulitsidwa. Atangomva anadzuka pampando. Akuti musaupereke kwa munthu aliyense asanaonane ndi mwini wake."

"Munda sukugulitsidwa. Akuufuniranji?"

Maliko anayang'ana mpunga unali palona. Anawerama, natapa pang'ono m'manja, naununkhiza.

"Izi sanandiuze kuti ndinene," anatero. "Koma ku Lilongwe katundu wathu wayamba kubwezedwa. Akuti Mayi Rukiya wa masiku ano sanunkhira ngati wakale. Bwana sakugona nazo."

A Amiri ndi Shamsa anayang'anana.

"Akuti akufuna kulankhula ndi Shamsa," anapitiriza Maliko. "Lolemba, akaweruka kusukulu. Atumiza galimoto. Ndikawayankhe chiyani?"

A Amiri anatembenukira kwa mwana wawo, nadikira.

"Mukawauze kuti ndamva," anatero Shamsa. "Galimoto asatumize. Ndikaganiza zobwera, ndidzakwera minibasi, ndipo sindidzabwera ndekha."

Maliko anabweza mpunga uja palona mosamala, natsanzika. Njinga itapita, a Amiri anayang'ana kumwamba. Mitambo inali ikusonkhana cha kumwera, ndipo matumba ambiri anali asanasokedwe.

"Tifulumire," anatero.

Shamsa analowetsa ulusi pasingano, nakoka thumba lotsatira.